Zitseko zinayi ndi buti: mpikisano wa galimoto za banja ku America

Pa 27 Okutobala 2006, m'tauni ya Hapeville pafupi ndi bwalo la ndege la Atlanta, galimoto yomaliza inatuluka m'fakitale ya Ford imene inakhala ikugwira ntchito kuyambira mu 1947. Inali Ford Taurus. Sinapite kwa ogulitsa galimoto ayi. Anaitenga ndi S. Truett Cathy, mkulu amene anayambitsa malo odyera a Chick-fil-A, yemwe kalesitilanti kake koyamba kanali kufupi ndi fakitaleyo ndipo kanakula ndi ndalama za antchito a Ford obwera kudzadya akaweruka. Zaka khumi zokha m'mbuyomo, Taurus ndiyo inali yogulidwa kwambiri pakati pa galimoto zazing'ono m'dziko lonse la America. Pofika tsiku limeneli, ambiri oigula anali makampani obwereketsa galimoto, ndipo mabanja anali atapita kwina kalekale.

Galimoto yamtunduwu Amereka amaitchula kuti sedan, pamene ku Malawi anthu amangoti saloon: zitseko zinayi, mipando ya anthu asanu, ndi buti kumbuyo. Yapakatikati, yosakula ngati ya nduna komanso yosachepa ngati ya mnyamata wongoyamba ntchito, ndiyo inali galimoto ya banja kwa zaka pafupifupi makumi anayi. Mphunzitsi, namwino ndi kalaliki ankaigula pa ngongole ya zaka zinayi kapena zisanu, n'kumapitira kuntchito, kusukulu ya ana ndi kutchalitchi. Kampani imene yapambana pamenepa inkakhala kuti yapambana America yense, n'chifukwa chake mpikisano wake unali woopsa kuposa wa galimoto zina zonse.

Kale msika umenewu unali wa Detroit yekha, mzinda wa makampani akuluakulu a galimoto a ku America. Mu 1976 galimoto yogulidwa kwambiri inali Oldsmobile Cutlass ya General Motors, chigalimoto cholemera chokhala ndi injini yaikulu yomwa mafuta ngati ng'ombe padambo. Koma nthaka inali itayamba kale kugwedezeka. Mu Okutobala 1973 mayiko a Aluya anasiya kugulitsa mafuta ku America, ndipo anthu anayamba kugona pamizere ya petulo. Mu 1979 zinabwerezanso boma la Iran litagwa. Chaka chomwecho cha 1976 chimene Cutlass inali pampando, Honda inatulutsa kagalimoto kotchedwa Accord, poyamba ka zitseko zitatu, kenako ka zinayi. Sikankamwa mafuta, ndipo m'mawa wozizira kankalira ukangopotokola kiyi. Ogula ankalembetsa mayina n'kudikira miyezi.

Yankho la General Motors linali Chevrolet Citation, imene inatuluka mu Epulo 1979. Poyamba zinaoneka ngati zatheka, chifukwa m'chaka choyamba cha malonda ake zinagulidwa zoposa 800,000. Kenako madandaulo anayamba kubwera. Mabuleki akumbuyo ankatha kugwira mwadzidzidzi galimoto n'kutembenuka pamsewu, ndipo zina zambiri zinkangophotchoka. Boma la America linasumira kampaniyo mu 1983. Khoti linagamula mokomera General Motors mu 1987, koma pofika nthawiyo Citation inali itafa kale zaka ziwiri m'mbuyomo. Injini za dizilo zimene Oldsmobile inagulitsa pakati pa 1978 ndi 1985 nazo zinaliza anthu ambiri. Mu Ogasiti 1983 magazini ya Fortune inaika pachikuto chake galimoto zinayi za General Motors zitandanda, zonse zofiirira: Chevrolet Celebrity, Pontiac 6000, Oldsmobile Cutlass Ciera ndi Buick Century. Mayina anali anayi, mitengo inayi, koma maso ankaona galimoto imodzi. Makolo amene anagula galimoto za nthawi imeneyo anauza ana awo zimene anaona, ndipo anawo atakula sanapondeko kwa ogulitsa Chevrolet.

Andale anayesa kutchinga khomo. Mu 1981, boma la Ronald Reagan litaumiriza, Japan inavomera kuti isamatumize ku America galimoto zoposa 1.68 miliyoni pachaka. Zotsatira zake sizinali zimene Detroit ankayembekeza. Ajapani anaona kuti ngati chiwerengero chapanikizidwa, ndi bwino kutumiza galimoto zokulirapo ndi zodula, ndiponso kumanga mafakitale m'dziko mwenimwenimo. Pa 1 Novembala 1982 Accord yoyamba inatuluka m'fakitale ya Honda ku Marysville, m'chigawo cha Ohio, pakati pa minda ya chimanga. Nissan inatsegula yake ku Smyrna, Tennessee, mu 1983. Toyota inayamba mosamala, pogwirizana ndi General Motors ku Fremont, California, mu 1984, kenako inamanga yakeyake ku Georgetown, Kentucky, kumene Camry yoyamba inatuluka mu Meyi 1988. Dzina loti Camry linachokera ku liwu lachijapani loti kanmuri, kutanthauza chisoti chachifumu.

Mafakitale amenewa anathetsa bodza limodzi limene mabwana a ku Detroit ankalikonda, loti vuto ndi wantchito wa ku America. Ku Fremont, Toyota inalemba ambiri mwa anthu omwewo amene General Motors inawataya potseka fakitaleyo mu 1982, anthu amene ankadziwika ndi kujomba ndi sitiraka, ndipo galimoto zimene anapanga zinali zabwino pafupifupi ngati za ku Japan. Chinasintha ndi kayendetsedwe ka ntchito. Wantchito aliyense anapatsidwa chingwe choti akoke akaona cholakwika, ngakhale mzere wonse uime, kuti vuto likonzedwe pomwepo lisanabisike pansi pa kapeti ndi penti. M'mafakitale akale, kuimitsa mzere unali mlandu waukulu. Bawuti ikakana, galimoto inkapitirira, ndipo wogula ndiye ankadzaipeza patapita miyezi.

Mwa makampani atatu a ku Detroit, Ford ndiyo inachita mantha msanga, chifukwa pakati pa 1980 ndi 1982 inataya madola oposa 3 biliyoni. Inaitana W. Edwards Deming, Mmereka amene anaphunzitsa Ajapani za kupanga katundu wabwino kuyambira mu 1950 pamene kwawo anthu sankamumvera. Inasonkhanitsa gulu limodzi motsogozedwa ndi Lewis Veraldi, mmene ojambula, mainjiniya, anthu a m'fakitale ndi ogulitsa ankakhala pamodzi kuyambira pachiyambi m'malo mopatsirana ntchito ngati ndodo ya mpikisano wothamanga. Anagula galimoto za opikisana nawo, kuziphwasula, n'kulemba zinthu pafupifupi 400 zimene ena ankachita bwino, kuyambira kulemera kwa chitseko cha buti mpaka kamvekedwe ka batani likadinidwa. Ntchito yonse inadya madola pafupifupi 3 biliyoni, ndalama zimene zikanaimiza kampaniyo zikanalephereka.

Taurus inatuluka pa 26 Disembala 1985. Pakati pa galimoto zamakonamakona za nthawiyo, iyo inali yobulungira, yosalala ngati mwala wa mumtsinje, ndipo ena ankaiseka kuti ikufanana ndi switi. Ogula sanaseke. Mu 1986 phindu la Ford linaposa la General Motors, chinthu chimene chinali chisanachitikepo kuyambira mu 1924. M'mbiri yonseyi palibe nthawi ina imene Detroit anayankha Japan mwamphamvu chonchi, ndipo ulemu umenewu Taurus yoyamba ndi woiyenera.

Komabe mu 1989 mpando unapita kwa Accord, ulendo woyamba kuti galimoto ya dzina lakunja ikhale yogulidwa kwambiri pakati pa galimoto zazing'ono ku America. Inaugwira mu 1990 ndi mu 1991. Ku Detroit zimenezi zinawawa ngati mlendo walowa ufumu pamudzi. Choncho mu 1992 Ford inalumbira kuti iulanda. Chakumapeto kwa chakacho inatsitsa mitengo, inapereka galimoto za lendi ya zaka ziwiri pa ndalama zochepa, ndipo inathira Taurus zambirimbiri m'makampani obwereketsa galimoto, kuphatikizapo Hertz imene Ford inali ndi gawo lalikulu m'menemo. Pomaliza kuwerenga, Taurus inali pafupifupi 410,000 ndipo Accord pafupifupi 393,000. Ford inasangalala, ndipo inakhala pampando mpaka 1996.

Apa mpofunika kuima pang'ono, chifukwa ziwerengero ziwirizi sizinkanena chinthu chimodzi. Accord pafupifupi zonse zinagulidwa ndi anthu wamba, aliyense ndi ndalama yake, atayendayenda n'kusankha. Gawo lalikulu la Taurus linapita kwa makampani ogula mwa chipiku pamtengo wotsika. Kampani yobwereketsa imagwiritsa ntchito galimoto chaka chimodzi kapena kucheperapo, kenako imaigulitsa. Zikwi za Taurus zongoyenda pang'ono zikakhuthukira pamsika wa galimoto zakale nthawi imodzi, mtengo wake umagwa ngati tomato wa m'nyengo yokolola. Wovutika ndi bambo uja amene anagula yake yatsopano pa ngongole. Akafuna kusinthitsa patapita zaka zitatu, amauzidwa mtengo womudabwitsa, pamene mnansi wake wa Accord akulandira ndalama yooneka. Ulendo wotsatira bamboyo amadziwa kopita.

Panalinso nkhani ya kugalaja. Taurus zambiri za injini ya malita 3.8 zinkapsa gasiketi, ndipo giyabokosi yake ya otomatiki inkatha msanga. Mavuto oterewa saoneka tsiku logula. Amabwera m'chaka chachinayi kapena chachisanu, chitsimikizo cha kampani chitatha, ngongole isanathe. Ndipo ku America kunali kowanenera. Magazini ya Consumer Reports, ya bungwe limene linayamba mu 1936, siilandira malonda otsatsa ndipo galimoto zimene imayesa imagula yokha ngati munthu wamba. Chaka ndi chaka imafunsa owerenga ake zimene zawonongeka pa galimoto zawo, ndipo nthawi imeneyo inkasindikiza matebulo a timadontho, tofiira pa zabwino ndi takuda pa zoipa. Kampani ya J.D. Power nayo inayamba mu 1987 kuwerenga zolakwika za m'masiku 90 oyambirira. Anthu ankalowa kwa ogulitsa atanyamula magaziniyo m'manja. Pa masamba a Camry ndi Accord pankafiira, ndipo palibe kutsatsa kwa pa wailesi yakanema kumene kukanafufuta zimenezo.

Camry ya 1992 ndiyo imene amakaniko ambiri amaitamabe mpaka lero. Toyota inaikulitsa kuti ikwane matupi ndi misewu ya ku America, n'kuikamo luso lochuluka limene inaphunzira popanga galimoto zake zapamwamba za Lexus, moti mkati munkakhala zii ngakhale pa liwiro. Vuto linali mtengo. Ndalama ya Japan inakwera mphamvu kwambiri, mpaka mu 1995 dola imodzi inkasinthidwa ndi mayeni pafupifupi 80. Toyota inakhala pansi n'kufufuza paliponse pamene ingachepetse ndalama popanda wogula kumva kuwawa. Nthawi yomweyo Ford inkayenda njira yosiyana. Pofuna kufika pa Camry ya 1992 ija, inapanga Taurus ya 1996 yodula kuposa yakale, n'kuipatsa maonekedwe a dzira paliponse, pagalasi lakumbuyo, pa nyali, ngakhale pamene pamakhala wailesi. Mtolankhani Mary Walton, amene analoledwa kukhala ndi gulu lopanga galimotoyo, analemba buku lonse la nkhaniyi lotchedwa Car. Ogula ambiri sanaikonde, ndipo mu 1996 zoposa theka la Taurus zinapita kwa makampani ogula zambiri nthawi imodzi. Kenako Camry ya 1997 inatuluka, yooneka wamba, yotsika mtengo kuposa imene inailowa m'malo. Inatenga mpando chaka chomwecho. Accord inaulanda kamodzi kokha, mu 2001, ndipo kuyambira 2002 Camry sinasunthikenso pakati pa galimoto zazing'ono kwa zaka zoposa makumi awiri.

Olemba za galimoto ankainyoza Camry kuti ndi yozizira, kuti kuiyendetsa kuli ngati kuyatsa firiji. Sanamvetse chimene namwino wolowa ntchito 6 koloko m'mawa amafuna kwa galimoto yake. Mu 2007 Camry zinagulidwa zoposa 470,000.

Ajapani nawo sanali angelo. Injini zina za Toyota za pakati pa 1997 ndi 2002 zinkaundana oyilo n'kukhala phala, mpaka kampaniyo inavomera kulipira zokonza. Accord za injini ya V6 za zaka zomwezo zinavuta giyabokosi. Mu 2007 Consumer Reports inachotsa Camry ya V6 pamndandanda wa galimoto zimene imalimbikitsa anthu kugula. Choopsa kwambiri chinachitika mu Ogasiti 2009 pafupi ndi San Diego, pamene Lexus ES 350, mbale wake wa Camry, inathamanga osaimika chifukwa kapeti wapansi anapanikiza chopondera moto, ndipo anthu anayi a banja limodzi anafa. Toyota inaitanitsa galimoto mamiliyoni kuti zikakonzedwe, mtsogoleri wake Akio Toyoda anakaonekera pamaso pa aphungu ku Washington mu Febuluwale 2010, ndipo mu 2014 kampaniyo inalipira chindapusa cha madola 1.2 biliyoni chifukwa chobisa zimene inkadziwa. Ngakhale zinali choncho, Camry inakhalabe patsogolo m'zaka zonsezo. Anthu amene anayenda mamailosi 200,000 pa Camry yawo yoyamba anaipatsanso mwayi, chifundo chimene Citation sinachione chifukwa inalibe mbiri yoikhululukira.

Amene anaphunzira bwino phunziroli ndi Akoreya. Hyundai inalowa ku America mu 1986 ndi kagalimoto kotchedwa Excel pamtengo wa madola 4,995, ndipo m'chaka choyamba inagulitsa zoposa 160,000. Zinkawonongeka kwambiri moti dzina la kampaniyo linasanduka nthabwala, ndipo pofika 1998 malonda anali atatsikira pa 90,000 kapena kuzungulira pamenepo. Pamenepo Hyundai inachita chinthu cholimba mtima: inalonjeza kukonza ulere injini ndi giyabokosi kwa zaka 10 kapena mamailosi 100,000. Lonjezo lotere likanaigwetsa kampaniyo galimoto zikanapitiriza kufa, choncho linakakamiza mafakitale kusintha. Mu 2005 inatsegula fakitale ku Montgomery, Alabama, ndipo Sonata ya 2011, yokongola mochititsa kaso, inachititsa Toyota ndi Honda kutembenuka. Koma mbiri inabwerezanso. Tizidutswa ta chitsulo totsalira m'injini popanga tinkatseka njira za oyilo, injini n'kugwira galimoto ili pamsewu, zina mpaka kuyaka. Mu 2015 Sonata pafupifupi 470,000 zinaitanidwa, ndipo mu 2020 boma linagamula kuti Hyundai ndi mbale wake Kia zilipire zilango zofika madola 210 miliyoni chifukwa chochedwa kuchitapo kanthu. Nissan nayo inakankha Altima ndi mitengo yotsika ndi makampani obwereketsa, njira yomwe ija ya Taurus, ndipo giyabokosi yake ya otomatiki yotchedwa CVT inaipatsa mbiri yovuta kuichotsa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Detroit anafika pomanga galimoto zabwino nthawi itatha. Chevrolet Malibu ya 2008 inali yolongosoka. Ford Fusion, yopangidwa ku Hermosillo m'dziko la Mexico kuyambira 2005, inkapeza timadontho tofiira tofanana ndi ta Ajapani, ndipo mu 2014 inagulidwa kuposa 300,000. Alan Mulally, amene anachokera ku kampani ya ndege ya Boeing kudzatsogolera Ford mu 2006, anadabwa kuti kampaniyo yataya dzina lodziwika ngati Taurus, ndipo analamula kuti libwerere, ngakhale linabwerera pa galimoto yaikulu imene sinafikenso pa ziwerengero zakale.

Pamene onsewa ankalimbana, wogula anali akuyang'ana kwina. Chakumapeto kwa 2014 mtengo wa mafuta unagwa. Galimoto zazitali zonga Toyota RAV4 ndi Honda CR-V, zomangidwa pa maziko a saloon koma zokhala ndi mpando wokwera ndi chitseko chachikulu kumbuyo, zinali zitasiya kumwa mafuta mopambanitsa. Agogo ankalowamo osawerama, mayi ankamangirira mwana pampando osathyoka msana. Makampani nawo ankazikonda chifukwa phindu lake ndi lokulirapo, komanso malamulo a boma a kamwedwe ka mafuta, amene anayamba mu 1975, ndi ofewerapo pa galimoto zowerengedwa m'gulu la mapikapu. Mu 2017 RAV4 inagulidwa kuposa 400,000 n'kuipitirira Camry. Chimene Ford, General Motors, Honda ndi Hyundai analephera kwa zaka 15 chinachitidwa ndi galimoto ya m'nyumba momwemo.

Kuchokera apo maliro anatsatizana. Chrysler 200 inatha mu Disembala 2016. Mu Epulo 2018 Ford inalengeza kuti ikusiya saloon zonse ku North America. Taurus yomaliza, ulendo uno yomalizadi kumeneko, inatuluka ku Chicago pa 1 Malichi 2019, zitapangidwa zoposa 8 miliyoni chiyambire, ndipo Fusion inatsatira mu 2020. Mazda6 ndi Volkswagen Passat zinachoka pamsika wa America patangopita nthawi yochepa. Malibu yomaliza inapangidwa ku Fairfax, Kansas, chakumapeto kwa 2024, ndipo Subaru Legacy inatha mu 2025. Pa msika umene Oldsmobile Cutlass inkalamulira, Detroit sanatsale ndi galimoto ngakhale imodzi, ndipo Oldsmobile yeniyeniyo inatsekedwa kale mu 2004. Otsala akugawana chakudya chochepa koma opanda ambiri olimbirana nawo. Mu 2024 Camry inagulidwabe kupitirira pang'ono 300,000, pafupifupi kawiri kuposa Accord, ndipo Camry yatsopano ya ku America tsopano imabwera ya hybrid yokhayokha, injini ya petulo yothandizana ndi mota ya magetsi.

Mphepo yomweyi inaombanso ku Japan, ndipo kumeneko ndi kumene nkhaniyi imakhudza Mmalawi. Galimoto zambiri za m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ndi zakale zochokera ku Japan, zotsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, chifukwa ku Japan ndi ku Malawi konse amayendetsa kumanzere. Wogula wa ku Malawi amafunsa mafunso omwe aja a owerenga Consumer Reports, kungoti iye amakafunsa makaniko: kodi imamwa bwanji, masipeya ake amapezeka, nanga ndikadzafuna kuigulitsa idzapeza munthu? Mayankho ake akhala akukomera Toyota kwa zaka zambiri. Koma zimene Ajapani sakugula lero sizidzapezeka pa sitima zaka zikubwerazi. Toyota inasiya kupanga Mark X mu 2019, Premio ndi Allion mu Malichi 2021, ndipo kumapeto kwa 2023 inasiya kugulitsa Camry m'dziko la Japan, kumene mu 2022 inagulidwa ndi anthu osafika 6,000. Amakaniko a pa Biwi ku Lilongwe akadali ndi zaka zambiri zogona pansi pa saloon zimenezi, koma Premio yatsopano kuposa zonse imene idzadutse pa Songwe ndi ya 2021.